Mwana wa autism amaphunzira kucheza pabwalo la kwawo

Mwana akafika zaka zitatu asanayambe kuyankhula, akamaitanidwa osacheuka, akamapewa kuyang'ana anthu m'maso, mphekesera zimachuluka. Ku Nyatsime, m'tauni ya Chitungwiza ku Zimbabwe, monganso m'midzi ya ku Malawi, ena amati walodzedwa, ena amati bambo ake anamukhwimira. Mwina vuto ndi makutu, n'chifukwa chake achipatala amayamba ayeza ngati akumva. Koma mwinanso ndi autism, kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka ana ena, komwe kamachititsa kuti kucheza ndi kulankhulana zikhale zovuta. Si ufiti, ndiponso katemera sayambitsa vutoli.

Akatswiri ophunzitsa ana kuyankhula ndi ochepa m'Zimbabwe, ndipo ambiri ali ku Harare. Mayi wa ku Nyatsime sangakwere minibasi yopita kumeneko mlungu uliwonse. Komatu ofufuza anapeza kuti ntchito yaikulu angaigwire ndi makolo eniake.

Ku Britain, gulu lotsogozedwa ndi Jonathan Green wa ku Manchester linayesa njira yotchedwa PACT pa ana 152 a zaka ziwiri mpaka zinayi. Kholo ankalijambula vidiyo likusewera ndi mwana, kenako linkaonera limodzi ndi katswiri kuti lizindikire pomwe mwanayo anayesa "kuyankhula" ndi maso kapena dzanja koma osayankhidwa. Kunyumba linkabwereza zimenezi mphindi 20 mpaka 30 patsiku. Zotsatira za mu 2016 zinaonetsa kuti patadutsa zaka pafupifupi 6, zizindikiro za anawo zinali zocheperako poyerekeza ndi za anzawo amene sanalandire thandizoli. Ku India ndi ku Pakistan njirayi inaphunzitsidwa ndi azaumoyo wamba, osati madokotala.

Mfundo yake ndi yotsutsana ndi mmene ambiri tinaleredwera, kuti wamkulu alamule, mwana amvere. Apa kholo ndi limene limatsatira mwana. Akamandandalika zitsekerero za mabotolo, khalani naye pansi, mundandalike zanu. Akaloza kapu, nenani mawu amodzi okha, "madzi", kenako dikirani. Kudikirako n'kumene kumampatsa mpata woyankha. Nthawi yosamba, yodya nsima ndi yovala, yonseyo ndi nthawi ya phunziro, ndipo chinenero chilichonse cha panyumba, Chichewa kapena Chishona, n'choyenera.

Bungwe la WHO lili ndi maphunziro otere a olera ana a zaka 2 mpaka 9: misonkhano 9 ya pagulu, ndipo mphunzitsi amafika pakhomo katatu. Anthu a m'Zimbabwe sangadabwe nazo, popeza agogo a Friendship Bench, yomwe anayambitsa Dixon Chibanda, anaonetsa kale kuti munthu wamba wophunzitsidwa bwino amathandiza odwala nkhawa.

Autism sichira ndi mankhwala, ndipo ana sapita patsogolo mofanana. Kholo lokayikira liyambe kukiliniki yapafupi, lipemphe kalata yopita ku dipatimenti ya rehabilitation pa Chitungwiza Central Hospital. Podikira tsiku lokaonana ndi achipatala, masewerawo angayambike lero lomwe.