N'chifukwa chiyani galimoto yoyera imapsa pa chithunzi?

Mu Julayi, malume anga anaganiza zogulitsa pikapu yawo yoyera kuti apezere mwana wawo fizi. Anandipempha kuti ndiijambule, tiike pa WhatsApp. Tinaiimika m'mbali mwa msewu wa M2, pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo, dzuwa lili paliwombo. Tiyi anatuluka bwino zedi, koma galimotoyo inangoti mbee, moti mizere ya zitseko sinkaoneka n'komwe. Malume anayang'ana foni ija n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndani angagule mtambo?"

Vuto linali exposure, kutanthauza kuchuluka kwa kuwala komwe kwafika pa sensa ya kamera. Yerekezani kuti sensayo ndi tizidebe mamiliyoni ambiri totchera mvula. Kachidebe kakadzaza, madzi ena amangotayika. Ndi mmenenso kuwala kumachitira: pamalo pomwe padzaza pamangooneka poyera, ndipo ngakhale mutakonza chithunzicho pa kompyuta, zomwe zatayikazo sizibwerera.

Nanga kamera inalakwitsa bwanji? Ikamayeza kuwala, imaganiza kuti zonse zomwe ikuona, zikasakanizidwa, ndi zotuwa, zobweza pafupifupi 18 peresenti ya kuwala. Pa chithunzi changa malo ambiri anali a tiyi ndi mithunzi ya mitengo, ndiye kamera inalowetsa kuwala kokwanira zimenezo. Penti yoyera imabweza kuwala kochuluka kwambiri kuposa masamba, choncho tizidebe ta pagalimoto tinasefukira. Komanso penti yonyezimira imachita ngati kalilole. Mukukumbukira lamulo lija, loti angle of incidence imafanana ndi angle of reflection? Mukaima pomwe dzuwa likunjanjira, lilowa lonse mu lenzi.

Kuwongola kwake n'kosavuta. Pa foni, gundani pagalimoto penipenipo ndi chala, kenako tsitsani kachizindikiro kowalitsira. Ngati pali EV, ikani pa -1. Sitepe imodzi yotere imachepetsa kuwala ndi theka.

Galimoto ikamayenda, nkhani imakula. Apa pali zinthu zitatu: nthawi yomwe shutter imakhala yotsegula, kukula kwa bowo lolowera kuwala lotchedwa aperture, ndi ISO, yomwe imawalitsa chithunzi koma ikakwera kwambiri imabweretsa timadontho ngati mchenga.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Mulanje ikuthamanga makilomita 60 pa ola. Gawani 60,000 ndi 3,600, mupeza mamita 16.7 pa sekondi. Shutter ikatseguka kwa 1/60 ya sekondi, minibasiyo yasuntha masentimita pafupifupi 28, kungotsala pang'ono kukwana rula yanu. Chithunzi chikhala chopakika. Pa 1/1000 yangosuntha masentimita 1.7 basi.

Koma liwiro limeneli si laulere. Kuchoka pa 1/125 kufika pa 1/1000 mwachepetsa kuwala ndi theka katatu, ndiye kwatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Muyenera kubweza masitepe atatuwo. Pa kamera, kulitsani bowo kuchoka pa f/16 kufika pa f/5.6, poti nambala yaing'ono ndiye bowo lalikulu. Mafoni ambiri bowo lawo silisintha, ndiye mu Pro mode mumakweza ISO, mwachitsanzo kuchoka pa 100 kufika pa 800.

Mawa lake kunabwera chiperoni, ndipo ine ndi malume tinabwerera pamalo pomwe paja. Mitambo ndi nkhungu zimamwaza kuwala mbali zonse, choncho kung'anima kuja kunalibe. Ndinagunda pachitseko, n'kutsitsa pang'ono. Ulendo uno chilichonse chinaoneka, ngakhale pomwe panakalika kumbuyo, zomwe malume sanasangalale nazo kwenikweni.

Ntchito yanu sabata ino: jambulani galimoto yoyera yoima katatu, pa EV -1, 0 ndi +1, osasuntha pomwe mwaima. Yerekezani zitseko pa zithunzi zitatuzo. Pemphani kaye kwa eni ake, ndipo chonde imani kutali ndi msewu.