Kodi Mlengi Ali ndi Malo m'Phunziro la Sayansi? Mkangano wa ku Kansas ndi ku Dover

M'dziko la America, sukulu za boma siziyendetsedwa kuchokera ku likulu limodzi ayi. Chigawo chilichonse chimalemba ndondomeko yakeyake ya zimene ana ayenera kuphunzira, ndipo m'zigawo zina, monga Kansas, mamembala a bungwe la maphunziro amasankhidwa ndi anthu pa voti. N'chifukwa chake funso la sayansi limatha kusanduka nkhani ya ndale.

Ganizo limene linautsa mapiri pachigwa limatchedwa intelligent design. Eni ake amati zamoyo zina n'zolukika mwaluso kotero kuti sizikanatheka kuoneka mwa chisinthiko chapang'onopang'ono chimene Charles Darwin anafotokoza mu 1859. Payenera kukhala mmisiri wanzeru amene anazikonza. Michael Behe, wa pa yunivesite ya Lehigh, m'buku lake la 1996 anapereka chitsanzo cha kamchira kamene bakiteriya amasambirira. Iye anakayerekeza ndi msampha wa makoswe: ukachotsapo kachitsulo kamodzi, msampha wonse watha ntchito.

Tizindikire kuti mmisiriyo samutchula dzina, ndipo chifukwa chake chili m'malamulo. Malamulo aakulu a dziko la America amaletsa boma kukhazikitsa chipembedzo, ndipo mu 1987 bwalo lalikulu linathetsa lamulo la ku Louisiana lokakamiza kuti chiphunzitso cha chilengedwe chiphunzitsidwe pambali pa chisinthiko.

Ku Kansas ndondomeko inkatembenuka pamodzi ndi zisankho. Mu 1999 bungwe la anthu khumi linachotsa mbali zazikulu za chisinthiko ndi mavoti 6 kwa 4, ndipo mu 2001 linazibwezera. Mu Novembala 2005 linavomereza ndondomeko yokayikitsa chisinthiko, nkusinthanso tanthauzo la sayansi, kuti isakhalenso yofunafuna zifukwa za m'chilengedwe zokha. Mu Febuluwale 2007, anthu atasankha mamembala ena, zonsezi zinafafanizidwa. Ana ankaphunzira m'makalasi omwewo, koma muyeso wa sayansi unasintha kanayi pa zaka zisanu ndi zitatu.

Nkhani inafika kubwalo la milandu kudzera ku tauni ya Dover, m'chigawo cha Pennsylvania. Mu 2004 bungwe la sukulu za kumeneko linalamula kuti ana aziwerengeredwa mawu owauza kuti ganizo la Darwin lili ndi mipata, ndi kuwalozera ku buku lotchedwa Of Pandas and People. Makolo 11 anakasuma. Pa mlanduwo kunapezeka kuti m'zolemba zoyambirira za bukulo munali mawu onena za chilengedwe, ndipo chitangoperekedwa chigamulo cha 1987 mawuwo anasinthidwa kukhala intelligent design. Pa 20 Disembala 2005, woweruza John E. Jones III anagamula kuti ganizoli si sayansi koma chikhulupiriro, choncho silingaphunzitsidwe m'phunziro la sayansi pa sukulu ya boma. Mwezi wam'mbuyo mwake anthu a ku Dover anali atachotsa kale mamembala asanu ndi atatu a bungwelo pa chisankho.

Tsono tisafulumire kuganiza kuti uku kunali kulimbana kwa okhulupirira ndi osakhulupirira. Behe, mboni ya bungwe la sukulu, ndi Mkatolika. Kenneth Miller wa pa yunivesite ya Brown, mboni ya makolo aja, ndi Mkatolikanso. Eklezia anali atalankhulapo kale. Mu 1950 Papa Pio XII, m'kalata yake Humani Generis, analola akatswiri kufufuza ngati thupi la munthu linachokera ku zamoyo zina, malinga tisunge kuti mzimu wa munthu umalengedwa ndi Mulungu mwini. Mu 1996 Papa Yohane Paulo II anavomereza kuti umboni wa chisinthiko wakula koposa ganizo longoyerekeza.

Nkhawa ya makolo ofuna intelligent design tiyenera kuimvetsa, pakuti alipo anthu amene amagwiritsa ntchito Darwin pofuna kunena kuti kulibe Mulungu. Amenewo adumpha malire a sayansi, popeza palibe chipangizo chopimira chimene chingatsimikize zotero. Komabe mankhwala amene anaperekedwa ali ndi ngozi yake. Tikaika Mulungu m'mipata imene sayansi isanafotokoze, mpata uliwonse ukatsekedwa malo ake adzachepa, ndipo mwana adzayesa kuti chikhulupiriro chagonja. Mlengi amene timamuvomereza si mmisiri wobwera apo ndi apo kudzakonza kamchira ka bakiteriya. Ndiye gwero la zonse, zomwe tazimvetsa ndi zomwe sitinazimvetse. Mphunzitsi wa sayansi afotokoze m'mene zamoyo zimasinthira. Funso lakuti n'chifukwa chiyani zilipo, ndipo munthu alinga kuti, ndi la nzeru zakuya ndi la chipembedzo, ndipo silingagamulidwe ndi mavoti 6 kwa 4.