WOBWERERA KU SUKULU YA UNESI: CIFUKWA CIANI AMAYAMBIRANSO PA CIDOLE?

M'makomboni a Kapata, Mchini, Navutika ndi Magazine muli mabanja amene mwana wao anayamba maphunziro a unesi koma anaimira panjira. Ena ndalama za sukulu zinawathera pakati pa caka, ena anatenga pathupi, ena anadwala kapena anapita kukadwazika kholo kumudzi, ndipo ena anagwa mayeso nauzidwa kuti akayembekeze kunyumba. Tsiku limene mwana wotere aitanidwanso ku koleji limakhala la cimwemwe pakhomo. Koma kawiri-kawiri cimwemweco sicikhalitsa. Pakapita sabata makolo amamva kuti mwana wao sanaloledwe kugwira odwala mu wodi. Ali m'cipinda coyesezera, alasa nyeleti pa cidole ca pulasitiki monga wa caka coyamba, pamene anzake amene anayamba nao pamodzi anatsiriza kale ndipo ena ali pa nchito.

Apa ndi pamene mau amayambira. Ena amati aphunzitsi amuzonda mwanayo, ena amati koleji ifuna kudya ndalama kawiri. Wophunzirayo nayenso amacita manyazi kukhala pa benci limodzi ndi ang'ono ake. Komatu kubwereza kumeneku si cilango, ndipo makolo akadziwa cimene cimacitika m'cipinda cija angaleke kumuonjezera mwana wao katundu.

Cigawo ca kum'mawa cakhala cikuphunzitsa manesi kwa zaka zambiri. Mu tauni muli Chipata College of Nursing and Midwifery, imene ophunzira ake amayesezera nchito pa Chipata Central Hospital, cipatala cimene akulu-akulu ambiri akali kucichula kuti General. Ku Mwami kuli sukulu ya cipatala ca Adventist cimene cinayamba mu 1927, ndipo ku Katete kuli ya St Francis, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 1948. Makoleji a anthu wamba naonso aculuka. Onsewa ali pansi pa bungwe limodzi, Nursing and Midwifery Council of Zambia, limene linalowa m'malo mwa General Nursing Council kupyolera m'lamulo la mu 2019. Bungweli ndilo limalembetsa manesi ndi azamba ndi kuwapatsa laisensi. Dipuloma ya unesi imatenga zaka 3, ndipo munthu amayesedwa pawiri, za papepala ndi za manja. Wina angalembe bwino kwambiri, koma ngati manja ake alephera, sanapase.

Manja amaiwala msanga kuposa mutu

Anthu ambiri amaganiza kuti nchito ya unesi iri monga kuchova njinga, kuti ukadziwa wadziwa. Si tero. Ofufuza m'maiko osiyana-siyana anapeza kuti luso lotsitsimutsa munthu amene waleka kupuma limayamba kucepa patangopita miyezi yowerengeka ngati munthu saliyeseza, ndipo izi zimacitikira ngakhale madokotala ndi manesi amene ali pa nchito. Nanga bwanji wophunzira amene wakhala caka cathunthu akugulitsa salaula pa msika wa Kapata?

Tengani khanda limene labadwa koma silikulira. Nesi ali ndi mphindi imodzi yokha yolipukuta, kulisisita kumsana, ndipo ngati silinapumebe, kuyamba kulipumitsa ndi kacikwama ka mpweya. Wophunzira wobwerera angachule ndondomeko yonseyi pamtima osaphonya. Koma mpatseni kacikwamako. Zala zimaiwala mogwirira cophimba kukamwa ndi mphuno kuti mpweya usathawire m'mbali, khosi la khanda amalipinda kwambiri, ndipo cifuwa sicikwera. Pa cidole mphunzitsi amamuimitsa namuuza kuti ayambirenso. Pa khanda leni-leni palibe kuyambiranso.

N'cimodzi-modzi ndi kupeza mtsempha woikapo dripu, kuika kapaipi ka mkodzo popanda kulowetsa tizirombo, kutsuka bala, ngakhale kusamba m'manja kumene. Kusamba kwa m'cipatala kumatenga masekondi 40 mpaka 60 ndi sopo, ndipo kuli ndi ndondomeko yake ya pakati pa zala, zala za manthu ndi zikhadabo. Amene wakhala kunyumba amabwerera ku kasambidwe ka pa nsima.

Zimenezi zinaoneka poyera mu 2020. Pa 20 Marichi boma linatseka masukulu ndi makoleji onse cifukwa ca COVID-19, ndipo makalasi athunthu anakhala kunyumba. Za m'buku ena anapitiriza pa foni, koma palibe amene anaphunzira kulasa nyeleti pa foni.

Masamu amene angaphe

Cinthu cimene ophunzira obwerera amaciopa kwambiri, ndiponso cimene aphunzitsi sayenera kucitirapo cifundo, ndi masamu a mankhwala. Si masamu ovuta. Mwana wa Giredi 9 angawacite. Cimene cimavuta ndi kuwacita 2 koloko usiku, wodi itadzaza, mai wa mwana akulira pambali.

Mwacitsanzo, mwana wolemera makilogalamu 12 watentha thupi, ndipo walemberedwa paracetamol pa mlingo wa mamiligalamu 15 pa kilogalamu iriyonse. Ndiye kuti afunika mamiligalamu 180. Pa botolo palembedwa kuti mamililita 5 ali ndi mamiligalamu 120. Yankho ndi mamililita 7.5. Tsopano kadontho kaja ka pakati pa 7 ndi 5 kakasowa, mwana amalandira mankhwala oculuka kakhumi, ndipo paracetamol woculuka amaononga ciwindi mwakacetecete, zizindikiro zake n'kudzaoneka patapita masiku. Ndi mankhwala monga insulin kapena magnesium sulphate amene amapatsidwa kwa amai apakati okomoka ndi BP, colakwa cotere siciyembekeza masiku.

Dripu nayonso ili ndi masamu ake. Lita imodzi yoyenera kutha m'maola 8, pa kapaipi kamene madontho 20 amapanga mililita imodzi, iyenera kudontha madontho 42 pa mphindi. Makina owerengera madontho sapezeka pa bedi iriyonse, motero nesi amaima ndi nkoloko m'manja nawerenga yekha. Dripu yothamanga kwambiri kwa nkhalamba ya mtima wofooka kapena kwa mwana wonyentchera imadzaza madzi m'mapapo. Acibale amene amakonda kutsegulira dripu nesi akatuluka, poganiza kuti ikatha msanga wodwala acira msanga, amve zimenezi.

N'cifukwa cake wobwerera amapatsidwa masamu otere mobwereza-bwereza mpaka atatopa nao. Wophunzira wabwino amafika poona nambala yolakwika ndi kudabwa asanawerengere n'komwe, monga mmene mai wa pamsika amadziwira kuti cenji capereŵera.

Buku lakale lingasokeretse

Pali cifukwa cina cimene makolo saciganizira. Pamene mwana wao anali kunyumba, malangizo a za umoyo sanali kumuyembekeza. Izi zimakhudza makamaka manesi akale a enrolled amene amabwerera ku sukulu kukakweza mapepala ao, pakuti ena a iwo anaphunzira nthawi imene malungo anali kucizidwa ndi chloroquine, mankhwala amene Coartem inayamba kulowa m'malo mwake mu 2003.

Malungo akulu kale anali a kwinini wa m'dripu. Lero mankhwala oyamba ndi artesunate wa nyeleti, woperekedwa pofika, pa maola 12 ndi pa maola 24. Mlingo wake ndi mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu, koma mu 2015 bungwe la WHO linalangiza kuti ana osafika makilogalamu 20 azilandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu. Mwana uja wa makilogalamu 12 afunika 36. Amene agwiritsa nchito manotsi akale amupatsa 28.8, ndipo sadziwa kuti wamumana. M'caka comweco WHO inalangiza kuti aliyense wopezeka ndi HIV ayambe mankhwala osayembekeza kuti CD4 itsike, ndipo Zambia inatsatira. Kuyambira 2018 odwala anayamba kusamutsidwira ku mapiritsi okhala ndi dolutegravir. Kwa mai wotaya magazi atabereka, kuonjezera pa oxytocin, mu 2017 panabwera langizo lopereka tranexamic acid pasanathe maola 3. Ngakhale kalembedwe ka mbiri ya wodwala m'zipatala zambiri kalowa pa kompyuta ya SmartCare.

Kolera ya kumapeto kwa 2023 ndi kuciyambi kwa 2024, imene inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ambiri a iwo ku Lusaka, inakumbutsa onse kuti zinthu za m'caka coyamba ndizo zimapulumutsa anthu ambiri: kuona maso olowa, kutsina khungu la pamimba ndi kuona ngati libwerera msanga, kusungunula paketi imodzi ya ORS mu lita imodzi ya madzi abwino, ndi kudziwa nthawi imene wodwala wapyola pa kumwa nafunika dripu.

Cimene wobwerera amadutsamo

Koleji iriyonse ili ndi makonzedwe ake, ndipo zimadaliranso utali wa nthawi imene munthu anakhala kunja. Koma njira yake imafanana. Amayamba ndi za m'buku, kapangidwe ka thupi, matenda ndi mankhwala. Kenaka amalowa mu skills lab, cipinda ca zidole, kumene mphunzitsi amaonetsa, wophunzira n'kucita, anzake akuyang'ana. Mayeso a manja ochedwa OSCE amakhala ndi malo angapo, ndipo pa malo alionse wophunzira amapatsidwa mphindi zocepa kuti acite nchito imodzi pamaso pa woyesa amene ali ndi pepala lochongera. Kuiwala kufunsa dzina la wodwala musanamupatse mankhwala kungamugwetse munthu amene zina zonse wacita bwino, ndipo n'koyenera kutero. Akadutsa apa ndi pamene amabwerera mu wodi, pansi pa nesi wamkulu amene amasaina m'buku lake nchito iriyonse imene waiona ndi maso.

Zimene ophunzira amazipeputsa ndi zija amati n'zosavuta: kupima kutentha kwa thupi, BP, kugunda kwa mtima ndi kapumidwe. Kapumidwe makamaka ndiko kamanamiziridwa. Munthu waulesi amangolemba 20 pa cati osawerenga. Koma mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi, kapena wa caka cimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40, cimeneco ndi cizindikiro ca cibayo, ndipo cimadziwika pokha-pokha munthu akawerenga mphindi yathunthu mwana ali phee.

Mbali ya a pakhomo

Thandizo lalikulu limene banja lingapereke ndi nthawi. Mtsikana amene wabwerera ali ndi khanda sangawerenge ngati mphika, zocapa ndi mwana zonse zimuyembekeza akaweruka. Agogo, apongozi kapena amuna ake akamulandirako maola awiri madzulo, acita zambiri kuposa kumugulira yunifomu yatsopano. Nyale ya sola nayonso si cinthu capamwamba ai, aliyense akumbuka mmene malaiti anavutira mu 2024 madzi atacepa ku Kariba. Ndipo a pakhomo angadzipereke kukhala odwala ake oyesezera: awerenge kugunda kwa mtima wa atate ake, kapumidwe ka mng'ono wake, apime BP ya ambuye ake.

Zithere pomwepo. M'komboni munthu akangovala zoyera kamodzi amasanduka "a sisita", ndipo anansi amayamba kubwera ndi mabotolo a nyeleti ogula kwina kuti awalase kunyumba, ena mpaka dripu. Wophunzira amaopa kukana kuti angamunene kuti ndi wonyada, mwina amaonanso kuti kandalamako kamuthandiza pa fizi. Makolo ayenera kumukanira iwo eni. Nyeleti yolasidwa pa malo olakwika pa thako ingagunde mtsempha waukulu wa mwendo, phazi n'kulemala moyo wonse. Penicillin angamutseke munthu kupuma m'mphindi zocepa, ndipo adrenaline womupulumutsa sapezeka m'kabati ya pa nyumba. Lamulo silimlola munthu wosalembetsedwa kugwira nchito ya unesi payekha, ndipo nkhani yotere ikafika ku koleji kapena ku bungwe la manesi, ndalama zonse zimene banja linagulitsira ng'ombe ndi nshawa zingapite m'madzi.

Odwala naonso ali ndi mbali yao. Wophunzira akafika pa bedi ayenera kunena dzina lake ndi kuti ndi wophunzira, ndipo wodwala ali ndi ufulu wofunsa kuti womuyang'anira ali kuti, ngakhale kukana kumene. Koma kucedwa kwake asakuone ngati umbuli. Amene awerenga cibotolo kawiri nakufunsani dzina ngakhale kuti anakuonani dzulo akucita zimene anaphunzitsidwa.

Banja limene mwana wao akonzekera kubwerera lisayembekeze tsiku lotsegulira. Apite ku ofesi ya koleji mwezi ulipo ndi kalata imene anapatsidwa poima, malisiti onse a fizi, zotsatira za mayeso akale ndi buku lija la masiginecha a mu wodi, pakuti likatayika nchito zimene anacita kale zimavuta kutsimikizira. Afunse maphunziro amene ayenera kubwereza, ndalama zake, ndi tsiku la mayeso, ndipo apemphe kuti zonsezi awalembere papepala. Ngati mwanayo afuna kusamukira ku koleji ina, ayambe atsimikiza ku Nursing and Midwifery Council of Zambia kuti kolejiyo ndi yovomerezeka asanapereke ngwee iriyonse.