Nambala ya pa Botolo la Mafuta a Dzuwa

Lero tikamba za dzuwa ndi khungu la munthu, makamaka za mafuta amene anthu amadzola kuti dzuwa lisawaoche. Pa botolo la mafuta otere palembedwa zilembo zitatu, SPF, ndi nambala pambali pake, monga 15, 30 kapena 50. Ambiri amagula osadziwa tanthauzo lake, ndipo ena ayesa kuti nambalayo iwerenga mphindi zimene munthu angakhale padzuwa. Si tero ai.

Tiyambire ku Kawe, dera la m'mbali mwa nyanja yamcere, cakumpoto mu mzinda wa Dar es Salaam m'dziko la Tanzania. Malowo ali pafupi ndi mzere wa Ikweta, madigiri 7 okha kumwera kwake, kotero kuti masana dzuwa limaima pafupi-fupi paliombo caka conse. Tsono mcenga ndi madzi zimabweza kuwala kwa dzuwalo, ndipo msodzi wa pa gombe la Kawe amapsa ndi dzuwa la kumwamba ndi locokera pansi lomwe. Zotero zicitikanso ku Salima, ku Mangochi ndi ku Kariba.

Cimene cioononga khungu si kutentha kumene timva m'thupi, koma ceza cosaoneka ndi maso, cimene anzeru acicha UV. Cezaci ciri ca mitundu iwiri yofika pansi pano. UVB ndiyo iocha khungu pamwamba. UVA ilowa mkati ndi kukalambitsa khungu msanga. Zonse ziwiri zikhoza kuyambitsa khansa, ndipo mitambo yopyapyala siziletsa.

Khungu liri ndi cishango cake cobadwa naco, ndico utoto wakuda wochedwa melanini. Azungu akagona pamcenga kuti khungu lao lide, ayesa alikukometsa thupi. Koma kudako ndiko cizindikiro cakuti khungu lapwetekedwa kale, ndipo lilikuyesa kudzichinjiriza. Chinjirizo lake ndi laling'ono ndithu, losapitirira SPF 4. Khungu lakuda la cibadwa liposa pamenepo kutali, ngakhale nalonso limapsa. Cifukwa cake amai amene adzola mankhwala oyeretsa khungu alikutaya cishango cao ndi manja ao omwe.

Koma alipo abale athu amene abadwa opanda melanini wokwanira, ndiwo a khungu la cialubino. M'caka ca 1985 Dotolo Luande ndi anzake anafalitsa zimene anapeza poyang'anira anthu otere 350 a mu Dar es Salaam momwemo. Anaona kuti khungu la mwana linali litayamba kuonongeka pofika caka cimodzi, ndipo pofika zaka 20 aliyense anali ndi zizindikiro zoyamba za khansa. Osaciritsidwa anali kumwalira ali m'zaka za m'ma 20 kapena 30. Nkhaniyi si ya ku Tanzania kokha: kalembera wa mu 2018 anapeza anthu acialubino 134,636 m'Malawi. Kwa iwo mafuta a dzuwa si zodzikongoletsera ai, ndiwo mankhwala.

Nanga nambala ija itanthauzanji? Iyesa mphamvu ya mafuta pochinga UVB. Tiyerekeze kuti ceza cofika pakhungu cagawidwa magawo 100. Mafuta a SPF 15 achinga magawo 93, a SPF 30 achinga 97, ndipo a SPF 50 achinga 98. Mwaona kuti 30 sachinga kawiri kuposa 15, ndiponso palibe mafuta amene achinga zonse. Komabe kusiyanako si kwacabe: ndi 15 alowa magawo 7, ndi 30 alowa 3 okha. Munthu wacialubino asatsike pa 30, ndipo 50 akapezeka ndiye wabwino koposa. Muyang'anenso ngati pabotolo palembedwa UVA, pakuti nambala ya SPF sinena za ceza cimeneco.

Pali cinthu cina coposa nambala, ndico kadzoledwe. Poyesa mafuta asanawagulitse, amapaka mamiligalamu 2 pa kacigawo ka khungu ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Muyeso umenewo ndiwo masupuni a tiyi 6 kapena 7 pa thupi lonse la munthu wamkulu. Anthu ambiri adzola theka lake, kapena kuceperapo, poopa kuti botolo lingathe; pamenepo mafuta a 50 sagwiranso nchito ngati a 50. Dzolani mokwanira mphindi 20 musanaturuke m'nyumba, osaiwala makutu, milomo, kumbuyo kwa khosi ndi pamwamba pa manja ndi mapazi. Bwerezani pakapita maora 2, ndiponso mukasamba kapena mukacita thukuta kwambiri. Botolo musalisiye padzuwa.

Mafutawa ndi a mtengo wapatali m'masitolo. Cifukwa ca ici, kuyambira 2012 ku Moshi, pa cipatala ca KCMC, anayamba kupanga mafuta ochedwa Kilisun ndi kuwagawa kwaulere kwa anthu acialubino a m'Tanzania. Inu a kwathu kuno, kafunseni ku cipatala ca boma ca m'dera lanu. M'Malawi mulinso bungwe la APAM loimira anthu acialubino.

Pamene mafuta asowa, musataye mtima. Cipewa ca khonde lalikuru, malaya a manja atali a nsaru yothinana, ndi mthunzi kuyambira 10 koloko m'mawa kufikira 4 koloko madzulo, izi zichinga tsiku lonse osafuna kubwereza. Mafuta ndi othandizira zimenezi, osati kulowa m'malo mwake.

Inu makolo, mmera mpoyamba: mwana wacialubino azolowere cipewa asanayambe kuyenda, ndipo nchito ya m'munda aigwire m'mamawa kapena madzulo. Inu aphunzitsi, mloleni abvale cipewa cake ndi malaya atali ku sukulu, ndipo musamuimike pabwalo dzuwa liri paliombo. Mukaona cilonda cosapola, kapena nkhanambo yokhakhala imene imabwera-bwera pamalo amodzi, thamangirani ku cipatala cikali cacing'ono, pakuti pamenepo madotolo akhoza kucicotsa mosabvuta.