Chipepeso Si Chipukutamisozi

Tikakhala pa maliro ku Ndirande kapena ku Bangwe, timamva mkulu akulengeza kuti a kuntchito kwa malemu apereka chipepeso cha matumba a ufa ndi nsalu ya sanda. Anthu nkuthokoza. Koma ukatha mwezi, mayi wamasiye akapita kukafunsa za mwamuna wake amene adafera pa makina, amauzidwa kuti chipepeso chidaperekedwa kale. Abale ndi alongo, apa ndi pomwe mabanja ambiri amataya chuma chawo kamba kosokoneza mawu.

Chipepeso cha pa maliro ndi mphatso. Aliyense amaponya m'mbale monga mwa kupeza kwake, ndipo palibe angamuzenge mlandu akapanda kupereka. Chindapusa ndi chilango, ndipo kawirikawiri chimapita ku boma kapena kwa amfumu. Chipukutamisozi ndi ngongole: munthu wavulazidwa, waphedwa kapena walandidwa katundu, choncho wolakwa, kapena amene lamulo lamusenzetsa udindowo, ayenera kulipira. Vuto ndi loti pa wailesi ndi m'nyuzipepala ngongole imeneyi amaitchulanso kuti chipepeso, kotero wosadziwa amayesa ndi chifundo chabe.

M'Chisilamu kusiyanaku nkodziwika. Taziya ndi kutonthoza ofedwa, pomwe diya, yotchulidwa m'Surat An-Nisa ndime 92, ndi dipo loperekedwa kwa abale a munthu wophedwa mwangozi. Eni ake ndiwo angalikhululuke, wolipirayo sangadzikhululukire yekha.

Malamulo a dziko lino nawo ali chimodzimodzi. Lamulo la Workers' Compensation la 2000 limati wovulala pa ntchito, kapena banja la womwalirira pa ntchito, alipidwe. Ngati ngozi yachitika ku mafakitale a Makata, kauzeni a ofesi ya leba msanga, ndipo sungani buku la kuchipatala. Galimoto iliyonse ya pamsewu, kuphatikizapo minibasi za ku Machinjiri ndi Chilomoni, iyenera kukhala ndi inshuwalansi yolipira ovulazidwa. Chofunika ndi lipoti la apolisi ndi nambala ya galimotoyo.

Tisaiwale kuti nthawi imatha. Malamulo aakulu a 1994 adakhazikitsa National Compensation Tribunal yoti ilipire ozunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi, koma idapatsidwa zaka 10 zokha, ndipo idatsekedwa ambiri asanalandire zonse. Agogo athu a ku Wenela ndi TEBA adikira nthawi yaitali koposa. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni wolipira odwala m'mapapo chifukwa cha fumbi la m'migodi ya golide, ndipo ndalamazi zidaikidwa m'manja mwa Tshiamiso Trust. Amene ali ndi makadi akale a kumgodi asawataye.

Chomaliza, ndalama ikatuluka ili ndi eni ake, ndiwo mayi wamasiye, ana ndi ena amene malemu ankawasamala. Amalume amene amafika ndi chikwama tsiku lolandira adziwe kuti lamulo la chuma chamasiye la 2011 lidaika kulanda chumachi kukhala mlandu, ndipo Qur'an imachenjeza mwamphamvu za kudya chuma cha ana amasiye.

Choncho mukalandira ufa ndi sanda, thokozani. Koma musasaine chikalata chomwe simunachimvetse. Pezani wodziwa akuwerengereni, pakuti safunsa adadya phula.