Masamba a rozi akachita chikasu m'chilimwe, madzi ndi feteleza si mankhwala a zonse

ZVISHAVANE, Zimbabwe – Mwezi wa Okutobala ukafika m'tauni ya migodi ya Zvishavane, m'chigawo cha Midlands, dzuwa limaswa mtengo ndipo masana ambiri kutentha kumapyola madigiri 30. Iyi ndi nyengo yomwe anthu odzala maluwa a rozi pakhomo, m'komboni ya Maglas ndi madera oyandikana nayo, amayamba kuona masamba akuchita chikasu ndi kuyoyoka.

Ambiri akaona izi amathamangira zinthu ziwiri, ndowa ya madzi ndi feteleza. Nthawi zina zimathandizadi. Koma chikasu cha tsamba chimadza pa zifukwa zosiyanasiyana, ndipo pa zina mwa izo madzi owonjezera ndi feteleza ndi zomwe zimamaliza mtengowo. M'tauni yomwe ndalama ndi madzi n'zoperewera, munthu wolakwitsa kuzindikira vutoli amawononga zonse ziwiri, n'kutayanso mtengo womwe ukanakhala pakhomo zaka zambiri.

Maglas ndi imodzi mwa makomboni omwe anamangidwira anthu ogwira ntchito pa mgodi wa asibesitosi wa Shabanie, womwe unayamba mu 1916. Monga zinalili pa migodi ina ya dziko lomwe panthawiyo linkatchedwa Southern Rhodesia, ambiri mwa ogwira ntchito ankachokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, ndipo ana ndi adzukulu a machona amenewa akadali komweko. Boma la Zimbabwe linatenga ulamuliro wa kampani ya mgodiwu mu 2004, ndipo cha m'ma 2010 ntchito yokumba inali itaima. Milu yotuwa ya zotsalira za mgodi, yaikulu ngati mapiri, imaonekabe munthu akadali kutali ndi tauniyi.

Duwa la rozi si lachilendo mu Zimbabwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 dzikoli linali lachiwiri mu Africa, kutsatira Kenya, pa malonda ogulitsa maluwa kunja, ndipo ambiri mwa maluwawo anali marozi opita ku Ulaya. Koma marozi amenewo ankalimidwa makamaka m'madera okwera ndi ozizira, m'nyumba zapulasitiki zokhala ndi mipope yothirira. Zvishavane ili m'dera lotentha lomwe kawirikawiri limalandira mvula ya pakati pa mamilimita 450 ndi 650 pa chaka. Malangizo olembedwera Harare kapena London safika onse ali bwino kumeneku, monganso safikira bwino ku Tete, Chikwawa kapena kuchigwa cha Luangwa.

Tsamba lakale kapena latsopano

Funso loyamba n'lakuti masamba omwe achita chikasuwo ali pati: kunsi ndi m'kati mwa mtengo, kapena kunsonga kwa nthambi zomwe zikuphuka kumene.

Funsoli lili ndi maziko pa momwe chomera chimagawira chakudya m'thupi mwake. Zakudya zina, monga nayitrojeni, chomera chimatha kuzichotsa m'masamba akale n'kuzitumiza kumasamba atsopano. Choncho nayitrojeni akachepa m'nthaka, masamba akunsi ndiwo amayamba kufwifwa, tsamba lonse mofanana, pamene kunsonga kukadali kobiriwira. Ayironi ndi wosiyana. Akangolowa m'tsamba sachokamonso, kotero akasowa ovutika ndi masamba atsopano. Amatuluka achikasu, nthawi zina otuwa ngati pepala, koma mitsempha yake imatsala yobiriwira ngati ukonde.

Palinso chikasu china chakunsi chomwe si matenda konse. Kukatentha kwambiri mtengo wa rozi umachepetsa kukula, maluwa ake amakhala ang'onoang'ono, ndipo umataya masamba akale a m'kati omwe salandira kuwala kokwanira pofuna kusunga madzi. Ngati masamba ogwa ali ochepa ndipo nsonga zikuoneka zathanzi, palibe chofunika kugula.

Chovuta n'chakuti ludzu ndi madzi ochuluka zimaoneka mofanana. Mizu ikakhala m'matope imasowa mpweya n'kuyamba kuwola, ndipo mizu yowola sikwezanso madzi. Mtengo umafota, masamba akunsi amachita chikasu, mwini wake n'kuthiranso ndowa ina. Njira yosiyanitsira ndi kukumba ndi chala kapena kamtengo pafupi ndi tsinde kufika masentimita 10. Dothi likakhala louma pansipo, mtengo uli ndi ludzu. Likakhala lonyowa, lomata kapena lonunkha, madzi achuluka. Kufota kwa masana komwe kumatha dzuwa likapendeka sikutanthauza kuti dothi lauma.

Kuthirira pang'ono tsiku ndi tsiku kumakokera mizu pamwamba pomwe dothi limatentha kwambiri. Mtengo wokhwima umapindula ndi ndowa yodzaza, ya malita 10 mpaka 15, yothiridwa pang'onopang'ono patsinde m'mamawa kawiri pa sabata, ndipo pamchenga kawirikawiri kuposa apo. Kuphimbira nthaka ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza kumasunga chinyontho ndi kuziziritsa mizu, koma zophimbirazo zisakhudze tsinde kuopa chiswe. Marozi odzalidwa m'zitini, m'matayala ndi m'ndowa zakuda amavutika koposa, chifukwa chotengeracho chimatentha mpaka kupsereza mizu yoyandikira m'mbali. Ameneŵa amafunika mthunzi wa masana.

Zomwe zili pansi pa Zvishavane

Chikasu chakunsonga ndicho chiyenera kulingaliridwa mofatsa m'tauni ngati iyi, ndipo chifukwa chake chili m'miyala. Asibesitosi wa ku Shabanie ankakumbidwa m'mwala wotchedwa serpentine. Dothi lochokera ku mwala umenewu limakhala ndi magineziyamu wochuluka, kashiamu wochepa, ndiponso zitsulo monga nickel ndi chrome. Aliyense amene anadutsapo m'mbali mwa Great Dyke, mzere wa mapiri wotalika makilomita pafupifupi 550 womwe umadula pakati pa Zimbabwe, anaonapo mapiri a udzu okhaokha okhala ndi mitengo yowerengeka. Dothi lamtunduwu ndilo limachititsa zimenezo.

Si bwalo lililonse la ku Zvishavane lomwe lili pa dothi lotere. Derali lilinso ndi mchenga wochokera ku miyala ya granite, womwe vuto lake ndi kusasunga madzi ndi chakudya, ndipo nyumba zoyandikana zingathe kukhala ndi nthaka yosiyana. Koma pomwe pali dothi la serpentine, mtengo wa rozi umakumana ndi mavuto awiri omwe onse amaoneka ngati kusowa kwa ayironi.

Loyamba ndi muyeso wa asidi wa m'nthaka, womwe akatswiri amautcha pH. Rozi amakonda dothi la asidi pang'ono, la pH ya pakati pa 6 ndi 6.5. Muyesowu ukapyola 7, ayironi amakhalamo ndithu m'dothi koma amamangika, ndipo mizu imalephera kumuyamwa. Lachiwiri ndi nickel, amene akachuluka amasokoneza momwe chomera chimagwiritsira ntchito ayironi, zotsatira zake n'kukhala chikasu chomwecho cha mitsempha yobiriwira. Ichi n'chifukwa chake mwambo wokwirira misomali yadzimbiri patsinde suphula kanthu: chitsulo sichikusowa m'nthakamo, chikungolephera kulowa m'mizu.

Pali malangizo ena ofala m'mabuku a zamaluwa akuti masamba akachita chikasu munthu athire mchere wa Epsom. Mchere umenewu ndi magineziyamu. Ungathandize pa mchenga wosukuluka, pomwe masamba akale amachita chikasu pakati pa mitsempha kuyambira m'mphepete. Pa dothi la serpentine ndi kuwonjezera chinthu chomwe chachuluka kale, ndipo kumakulitsa kusowa kwa kashiamu. Choyenera pamenepo ndi gypsum, yemwe alimi a mtedza amamudziwa bwino, chifukwa amapereka kashiamu popanda kukweza pH monga amachitira laimu.

Zina zomwe zimakweza pH zimachokera m'nyumba momwe. Mayi aliyense wodziwa kutcheza chidulo chophikira therere amadziwa mphamvu ya phulusa: madzi ake amagwira ntchito ya soda. Phulusa lomwelo likamakhuthulidwa patsinde la rozi sabata ndi sabata, limachotsa asidi wa m'dothi. Chimodzimodzinso madzi ochapira zovala, omwe amakhala ndi sopo waufa ndi mchere wake. Munthu sangadzudzulidwe pothirira maluwa ndi madzi otere m'dera lomwe mipope imauma, makamaka pambuyo pa chilala ngati cha mu 2024 chomwe chinachititsa maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza kuti m'maiko mwawo mwagwa tsoka. Komabe madzi otsukuluzira ndi abwinoko kuposa a thovu loyamba, amafunika kusinthanitsidwa ndi madzi oyera, ndipo omwe athiridwa mankhwala oyeretsera zovala asafike pa chomera chilichonse. Mchere ukaunjikana m'dothi, m'mphepete mwa masamba mumapsa n'kuuma ngati mwawauka ndi moto.

Feteleza wothiridwa pa dothi louma amapsereza masamba mofananamo. Compound D ndi AN, omwe amapezeka m'nyumba zambiri za ku Zimbabwe nyengo ya chimanga ikayandikira, kapena Urea ndi CAN ku Malawi, amachita ngati mchere nawonso. Mtengo womwe wafooka ndi dzuwa sumatha kuwagwiritsa ntchito. Ngati zizindikiro zikulozadi ku nayitrojeni, dothi liyambe lathiriridwa bwino, fetelezayo akhale wochepa ndipo amwazidwe motalikirana ndi tsinde.

Kukonza dothi lomanga ayironi kumatenga nthawi. Manyowa owola bwino ndi kompositi ndiwo maziko. Ufa wa sulufule umatsitsa pH, koma pakapita miyezi. Wofuna zotsatira zamsanga amagula ayironi wa m'mapaketi ku sitolo za zaulimi, ndipo apa m'pofunika kuwerenga chikalata cha papaketi: mtundu wa EDTA umasiya kugwira bwino ntchito pH ikayandikira 7, pamene wa EDDHA, womwe ndi wokwera mtengo, umagwirabe. Pomwe dothi laipiratu, njira yotsika mtengo ndi kukumba dzenje lalikulu kapena kuunda bedi lokwera n'kudzazamo dothi lochokera kwina. Dothilo lisatapidwe pa milu ya mgodi kapena m'mphepete mwake. Kuwonjezera pa kupha mbewu, fumbi la asibesitosi limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo, kuphatikizapo khansa, omwe amaonekera patapita zaka zambiri.

Wofuna kudziwa zenizeni za dothi lake angathe kufunsa alangizi a Agritex za katumizidwe ka dothi ku Chemistry and Soil Research Institute ku Harare. Ku Malawi ntchito yotere imachitika ku Chitedze ndi ku Bvumbwe, ndipo ku Zambia ku Mount Makulu.

Kangaude wofiira

Pali mdani wina wa m'chilimwe amene alimi a tomato amamudziwa dzina, ngakhale kuti mtundu womwe umagwira rozi ndi wachibale chabe wa uja wa patomato. Akangaude ofiira ndi tizilombo tating'ono kwambiri tomwe timakhala kunsi kwa tsamba n'kumayamwa madzi ake. Pamwamba pa tsambalo pamayamba timadontho totuwa ngati pawazidwa ufa, kenaka tsamba lonse limachita chikasu chotumbululuka n'kugwa. Tikachuluka timaluka timaukonde topyapyala pakati pa masamba. Munthu akagwedezera nthambi pa pepala loyera amaona tinthu ngati fumbi tikuyenda.

Tizilomboti timakonda kotentha, kouma ndi kwafumbi, ndipo kukatentha madigiri 30 timatha kuchoka pa dzira kufika poikira mazira m'sabata imodzi yokha. Mtengo wodzalidwa pafupi ndi khoma loyang'ana kumadzulo, lomwe limabweza kutentha, ndiwo umayamba kugwidwa. Mankhwala wamba ophera mbozi ndi nsabwe kawirikawiri amakulitsa vutoli, chifukwa amapha tizilombo tina tomwe timadya akangaudewa koma iwowo n'kutsala. Chothandiza ndi kutsuka kunsi kwa masamba ndi madzi amphamvu m'mamawa, pakapita masiku awiri kapena atatu aliwonse, kwa masabata awiri. Zikakanika, pamafunika mankhwala opangidwira akangaude enieniwo.

Chikasu chilichonse chimapatsa munthu mtima wofuna kudulira nthambi ndi kusadzula masamba oipa kuti mtengo uoneke bwino. M'chilimwe zimenezi n'zovulaza. Masamba, ngakhale ofooka, amaphimba nthambi ku dzuwa, ndipo nthambi yosiyidwa poyera imapsa khungwa. Nthawi yodulira marozi mwamphamvu ku Zimbabwe ndi m'chisanu, cha mu Julaye. Tsamba lakale lomwe lachita kale chikasu silibwereranso mwakale. Chosonyeza kuti chithandizo chagwira ndi maonekedwe a masamba omwe aphuke pakatha masabata awiri kapena atatu.

Mvula yoyamba ikagwa, cha mu Novembala, akangaude amachepa ndipo madzi ake amakokolola mchere womwe unaunjikana m'dothi. Pamenepo pamabwera chikasu chamtundu wina, chozungulira madontho akuda pamwamba pa tsamba, choyambira kunsi kwa mtengo n'kumakwera. Awa ndi matenda a madontho akuda, omwe tizilombo take timafuna kuti tsamba likhale lonyowa kwa maola pafupifupi asanu ndi awiri kuti tilowe. Kutsuka masamba komwe kunali kothandiza mu Okutobala kumayenera kulekeka, madzi azithiridwa patsinde pokha, ndipo masamba ogwa azitoledwa n'kutenthedwa, osati kuponyedwa pa mulu wa kompositi.