Chimene Chimachititsa Kuti Mamota a Zigayo ndi Mapampu Azipsa

Eni zigayo ndi alimi a mthirira ambiri amazindikira kuti mota yawonongeka akangoona utsi ndi kumva fungo la kupsa, koma vuto limakhala litayamba kale m'kati.

M'kati mwa mota muli mawaya a kopa okulungidwa mothithikana m'makoyilo. Waya aliyense amakutidwa ndi vanishi wopyapyala kwambiri amene amaletsa magetsi kudumphira pa waya mnzake. Vanishiyu akauma n'kung'aluka, mawaya oyandikana amakhudzana ndipo magetsi amapeza njira yachidule. Izi ndi zimene amisiri amati shoti. Pamalo okhudzanawo pamadutsa magetsi ochuluka, pamatentha kwambiri, ndipo kutenthako kumawononganso vanishi wa mawaya ena. Mota imatha kuzungulirabe kwa kanthawi, ikulira mwachilendo, kufikira shotiyo itafalikira ku koyilo ina kapena ku chitsulo chakunja kwa mota. Apa m'pamene moyo wa munthu umakhala pachiswe, chifukwa ngati waya wa earth sanalumikizidwe bwino, aliyense wokhudza chitsulocho angathe kugwidwa ndi magetsi.

Chimene chimawononga vanishi kwambiri ndi kutentha. Pa kachitsulo kokhomedwa pa mota pamalembedwa gulu lake: gulu B limapirira mpaka madigiri 130, gulu F madigiri 155, ndipo gulu H madigiri 180. Akatswiri amawerengera kuti madigiri 10 aliwonse opyola malire amachepetsa ndi theka nthawi imene vanishi angakhale. M'chigayo, ufa umene umamatirira pa fani ndi m'mizere ya mota umatsekereza mpweya woziziritsa, ndipo kuthira chimanga mopyola muyeso kumawonjezera kutenthako.

Mota ya three-phase ili ndi vuto linanso. Fyuzi imodzi ikapsa, mawaya awiri otsalawo amasenza ntchito yonse, ndipo makoyilo amatha kupsa m'kanthawi kochepa. Chipangizo cha overload chimaikidwa kuti chizimitse mota zikatere. N'zomvetsa chisoni kuti ena amachichotsa ponena kuti chikuchedwetsa ntchito, kenako n'kulipira ndalama zambiri zokulungitsanso mota yonse.

Chinyezi nacho chimafooketsa vanishi. Pampu imene yakhala nyengo yonse ya dzinja osagwira ntchito iyenera kuyezedwa ndi mmisiri wovomerezeka isanayatsidwe. Iye amagwiritsa ntchito chipangizo chotchedwa megger, ndipo muyeso ukatsika kuposa megohm imodzi, motayo iyenera kuumitsidwa ndi kuyezedwanso isanalumikizidwe ku magetsi.